Ulendo wathu wa ku Zomba: valavu yochepetsa mphamvu ya madzi

Loweruka lapitali gulu lathu la mapulambala a ku Liwonde linakacheza ndi anzathu a ntchito yomweyi ku Zomba. Titangotsika minibasi anatikweza kuphiri kukaona damu la Mulunguzi, kumene a Southern Region Water Board amatenga madzi a mzindawu. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumunsi, umamvetsa chifukwa chake anzathuwa sasiya kukamba za valavu. Madzi amatsetsereka okha, ndipo pa mamita 10 aliwonse amene atsika mphamvu yake imakwera ndi pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvu ya madzi). Nyumba imene ili kumunsi kwambiri kwa thanki yoipatsa madzi imalandira mphamvu imene mipopi ndi giza (thanki yotenthetsera madzi) sizingapirire nthawi yaitali.

Phunziro lenileni linali ku Matawale, kunyumba ya mayi ena amene anadandaula kuti mipopi ikungodontha, ndipo akatseka mpopi wa kukhitchini mapaipi amagunda ngati munthu akukhoma msomali. Achinyamata athu anali atatulutsa kale masipanala. Bambo wachikulire amene ankatitsogolera anawakweza dzanja.

"Ana anga, sipanala ibwerere kaye m'chikwama. Tiyambe tamva zimene geji yoyezera mphamvu ya madzi itiuze."

Anaonetsetsa kuti giza ndi yozimitsa, chifukwa madzi akamatentha amafufuma n'kukweza mphamvu paokha, munthu n'kunamizira valavu. Kenako anamanga geji pa mpopi wapanja, umene umalandira madzi odutsa kale mu valavu ya nyumbayo, n'kutseka mipopi yonse. Singano ya geji inaima pa bar 3. Tinangoti zii, maso ali pa geji. Pang'onopang'ono inayamba kukwawa, 4, kenako 5, mpaka kudutsa 6. Valavu yabwino imagwira singano pamalo amodzi. Ikamakwawa chonchi ndiye kuti mkati simukutsekeka bwino.

Anatseka madzi pafupi ndi mita, n'kutsegula mpopi kuti otsala atuluke, ndiyeno anamasula valavuyo. Sefa yake inali yodzaza mchenga ndi dzimbiri, ndipo kamwala kakang'ono kanali katacheka labala wotsekera. Sefa anaitsuka ndi mswachi wakale, labala anaika watsopano, basi. Mayi aja anali atakonzeka kugula valavu ina, ndalama zambiri ndithu, pamene vuto linali kalabala kokha. Zinandikhudza, chifukwa mabanja ambiri amawononga ndalama mwa njira imeneyi pulambala akathamangira kusintha chinthu asanayeze.

Pokonza mphamvu anamasula nati yomangira, n'kupotoza sikuluu ya pamwamba pang'ono chabe. Kupotozera kumanja kumapanikiza sipuling'i ndipo mphamvu imakwera, kumanzere imatsika. Akapotoza ankatsegula mpopi, kutseka, n'kuyang'ananso geji, mpaka singano inakhazikika pa 3 osasunthanso.

Mnzathu wina anafunsa za nyumba zimene madzi amangotuluka pang'ono. Bambowo anati ngati geji ikuonetsa bwino mipopi ili yotseka koma singano n'kugwa ukangotsegula umodzi, uyambe wayang'ana sefa. Anatikumbutsanso kuti muvi wa pa valavu uziloza kunyumba, komanso kuti mita si yathu, vuto likakhala pamenepo tikanene kwa eni ake, a Water Board.

Pobwerera tinagwirizana zosonkha ndalama kuti tigule mageji awiri a gulu, aliyense azibwereka akapeza ntchito. Anzathu a ku Zomba nawo alonjeza kudzatiyendera mvula isanayambe, kuti adzaone mmene timaikira matanki a pamwamba.