Mayeso achidule oona kuiwala kwa agogo

Agogo akayamba kufunsa funso limodzi kangapo, kapena kusochera panjira ya kuchitsime, tisathamangire kuwanena ufiti. Pali mayeso achidule oona ngati angakhale matenda a dementia, matenda a muubongo ochititsa munthu kuiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo.

Ena mwa ofulumira kwambiri ndi a Mini-Cog, mphindi 3 zokha. Mumatchula mawu atatu osagwirizana, agogo awabwereze. Kenako ajambule wotchi yokhala ndi manambala onse 12, mivi ikuloza 11:10. Akamaliza, afunseni mawu aja. Liwu lililonse lokumbukira ndi malikisi 1, wotchi yolondola malikisi 2, onse pamodzi 5. Akapeza osakwana 3, akufunika kupimidwa mozama. Mayeso ena, a MoCA, ndi otalikirapo, malikisi 30, ndipo osakwana 26 ndi chenjezo.

Koma pa wotchi pali msampha. Agogo amene sanagwirepo pensulo adzalephera ngakhale mutu uli bwinobwino. N'chifukwa chake mayeso a IDEA, amene anakonzedwa ku Hai ku Tanzania, amagwiritsa ntchito timitengo ta machesi m'malo mwa pensulo, komanso kutchula mayina a nyama kwa mphindi imodzi.

Yezani m'chilankhulo chawo, pamalo a phee, atavala magalasi awo. Wosamva bwino sangakumbukire mawu amene sanawamve. Matenda a kukhumudwa, vuto la chithokomiro ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimatsitsanso malikisi, pomwe izi zili ndi mankhwala.

Mayesowa sagamula matenda, amangoloza amene apite kwa dokotala. Kusokonezeka kukabwera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, musachedwe ndi mayeso, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.