Zomwe madzi andiphunzitsa pokonzakonza pakhomo

Chikolorere chimanga chaka chino ndakhala ndikudziphunzitsa tintchito ta pakhomo tomwe kale ndinkangoitanira mmisiri: kusintha washala wa mpopi, kumata ming'alu, kutseka podontha padenga, kukonza mabedi a ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Ine ndimagwira ntchito ya muofesi, supuni ya omanga sindinakule nayo. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, penti ndi malata zinakwera moti kuwononga ngakhale theka la thumba kumawawa mumtima. Ndinagula kope loti ndizilembamo chilichonse chomwe ndaphunzira. Polibwereza posachedwapa ndaona kuti pafupifupi tsamba lililonse likukamba za madzi.

Aphunzitsi anga enieni ndi bambo ena achikulire oyandikana nafe, omwe amanga nyumba moyo wawo wonse ndipo pano anapuma. Ndikawaonetsa vuto sathamangira kunditchulira choti ndikagule ku hadiweya. Amayamba andifunsa komwe madziwo akuchokera ndi komwe akulowera, ndipo ndikapanda kuyankha amandisiya ndizizungulira nyumba mpaka ndione ndekha. Mavidiyo a pa YouTube amandithandizako, makamaka pa mipopi, koma nyumba zambiri zomwe amaonetsa kumeneko makoma ake ndi a mabolodi, zipangizo zake zoyendera magetsi. Yathu ndi ya njerwa zootcha ndi malata, choncho maso a bambowa amaposa foni kutali.

Phunziro lomwe landigwira mtima kwambiri ndi la simenti. Ambirife timaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma. Zoona zake n'zakuti imalimba chifukwa chogwirana ndi madzi, ndipo madzi akathamo msanga kulimbako kumathera panjira. N'chifukwa chake pomwe mwamata pamafunika kuthirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, monga timachitira ndi mbewu za panazale, ndipo mphamvu yake yokwanira imawerengedwa pakatha masiku 28. Mwezi wa Okutobala uno dzuwa limamwa madzi m'pulasitala ikangomatidwa kumene, ndiye ndi bwino kugwira ntchitoyi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, n'kuphimbapo ndi masaka onyowa.

Mng'alu sumatidwa pamwamba pokha. Umayamba waukulitsa pang'ono ndi tchizulo, kuchotsa fumbi lonse, kenako kunyowetsa khomalo bwinobwino, chifukwa njerwa youma imayamwa madzi a m'simenti yatsopano ndipo chigambacho chimadzagwa chokha. Pa ntchito yaing'ono sindiyezera thumba la makilogalamu 50; ndimatenga kachitini kamodzi ka simenti pa tizitini tinayi kapena tisanu ta mchenga, madzi ochepa oti zingogwirana, osati phala. Madzi akachuluka ntchito imafewa m'manja koma chomatacho chimafooka. Mchenga nawo uli ndi mayeso ake osalira ndalama: kuuthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kuusiya ukhazikike. Dothi limakhala pamwamba pa mchengawo, ndipo likakhala lochindikala mudziwe kuti pulasitala yake idzang'ambika. Thumba lomwe lagwira mibulu yolimba chifukwa chokhala pansi ponyowa latha ntchito, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.

Pali ming'alu ina yomwe munthu wongophunzira ngati ine sayenera kuibisa. Ukakhala wotsata mizere ya njerwa mokwera ndi kutsika, n'kumakulirakulira chaka ndi chaka, vuto lili pansi pa maziko. Pamenepo kumata n'kungodzinamiza, pafunika mmisiri wodziwa.

M'munsi mwa khoma lathu lakumbuyo penti inkasupuka ndipo pankatuluka zoyera ngati mchere. Bambo aja anandionetsa zifukwa ziwiri. Madzi ochokera padenga ankagwera m'tsinde mwenimweni mwa khoma n'kumadikha pomwepo, komanso bedi la maluwa linali litagundana ndi nyumba, dothi lake litakwera kupitirira pepala lakuda lija omanga amayala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere. Tsiku lililonse pothirira maluwa tinkathiriranso khoma. Ndinasuntha bedilo, kutsitsa dothi, n'kusalaza pansi kuti patsetserekere kunja. Chiswe nachonso chimakonda pomwe pali chinyontho, ndiye ntchito imodziyi inathana ndi mavuto awiri. Amene tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 tikudziwa kuti nyumba zambiri za zidina zinagwa madzi atazifewetsa m'munsi. Ngalande yozungulira nyumba sindiiona ngati chinthu chamasewera, ndipo zimandipweteka kuona anthu akuthiramo zinyalala mpaka kutsekeka.

Za padenga ndi zachidule. Pomwe padonthera m'nyumba nthawi zambiri si pomwe pali chibowo, poti madzi amatsata phaso asanagwe. Ngati mulibe siling'i, imani mkati masana dzuwa lili paliwombo, timabowo timaoneka tokha. Msomali wa malata umakhomedwa pamwamba pa mzere wotukuka, osati m'khwawa moyenda madzi. Pogula, nambala ya geji ikakula lata limakhala lopyapyala: la 28 ndi lochindikala kuposa la 32. Pokwera mumaponda pomwe pali mzere wa misomali, malata ali ouma, wina atagwirira makwerero.

Mpopi wodontha ndiwo unandipatsa chimwemwe choyamba. Kutseka madzi pafupi ndi mita, kumasula mutu wa mpopi ndi sipanala, kuchotsa kawashala kotha n'kuikapo katsopano, basi kudontha kwa miyezi yambiri n'kulekeka. Ndinaphunziranso kufufuza madzi otayika mobisika: tsekani mipopi yonse m'nyumba, kayang'aneni mita. Ikamayendabe, penapake pakutuluka madzi, ndipo kawirikawiri ndi m'thanki ya chimbudzi. Mita yeniyeniyo ndi paipi yobwera kuchokera kumsewu ndi za a Water Board, zimenezo n'zongowauza, osazigwira.

Kumunda wa kuseri nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko madzi timawasunga m'malo mowathamangitsa. M'chilimwe mabedi a repu, mpiru ndi tomato amafuna akhale olowa pansi kuti madzi asathawe. M'dzinja amafuna okwera kuti mizu isaole. Chiyambireni kuphimbira ndi udzu wouma ndi mapesi, madzi othirira achepa moonekeratu, ndipo ndisanatenge kheni ndimayamba ndapisa chala m'dothi. Tomato ndimamuthirira patsinde, chifukwa masamba akamakhala onyowa matenda a chiwawu amagwira msanga. Madzi otsukulutsira zovala amapita ku nthochi, osati ku masamba omwe tithyole mawa. Mulu wa kompositi nawo umafuna chinyontho chake: ukafinya m'dzanja uzigwirana koma osachucha. Pano ndikuyesa manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Kumtunda kwa mundawo, komwe madzi amakokolola dothi, ndikufuna kudzala mzere wa udzu wa vetiva mvula ikangokhazikika.

Magetsi okha ndinaikapo malire. Kusintha babu ndimasintha, koma mawaya ayi. Mphamvu ya ma volt 230 yomwe ESCOM imatipatsa imapha, ndipo pali anthu omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito imeneyi chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Soketi yomwe inali pakhoma lachinyontho lija ndinaitanira mmodzi wa iwo. Ndinene mosabisa kuti maphunzirowa andichititsa kulemekeza amisiri kuposa kale. Mnyamata wophunzira zomangamanga kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, akatchula mtengo wake, tsopano ndimadziwa thukuta ndi luso zomwe zili kuseri kwa khoma losalala, ndipo sindinenerera mpaka kumufinya.

Chizimalupsa chisanagwe ndatsala ndi ngalande ya kumbuyo ndi kudulira nthambi za mango zomwe zikukhuza malata. Kenako ndiphunzire za chitseko cha kukhitchini, chomwe chimatupa dzinja lililonse n'kumakana kutsekeka. Bambo aja andichenjeza kale kuti ndisadzachipale kwambiri mvula ili mkati, chifukwa thabwa likadzauma m'chilimwe lidzabwerera n'kusiya mpata. Akuti ndiyambe ndaona ngati m'mphepete mwake, makamaka pansi ndi pamwamba, munapakidwa penti, poti m'menemo ndi momwe thabwa limamwera madzi.