Tsiku Limene Ndinadzoza Chinchilla Mafuta

Popeza nkhaniyi yafika kale m'makutu mwa anthu ambiri itapotozedwa, ndipo ena akufalitsa zoti ndinagonjetsedwa ndi mbewa, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Chinchilla si mbewa, ngakhale kuti pali ubale wapatali. Ndi kanyama kochokera kumapiri a Andes ku South America, ka ubweya wothithikana kwambiri moti pakabowo kamodzi ka khungu pamamera timaubweya toposa 50. Komanso sindinagonjetsedwe. Ndinangokhala pansi kuti ndipume.

Madzulo a tsikulo ndinaona kuti kachinchilla kanga kakuponda mosamala ndi phazi lakumbuyo. Nditakayang'anitsitsa kunsi kwa mapazi, kumene kulibe ubweya, ndinapeza khungu litauma, likufunduka, ndipo panali timing'alu tofiira pang'ono. Ndinali nditamvapo za matenda otchedwa bumblefoot, amene amayamba kanyama kakamapondaponda pawaya kapena pamalo onyowa ndi mkodzo, kenaka tizilombo n'kulowa m'ming'alu mpaka phazi kutupa ndi kuchita mafinya. Mantha atandigwira, ndinatenga botolo la mafuta okhuthala amene ndimadzola zidendene zanga, ndipo ndinatapa ndi zala ziwiri. Maganizo anga anali akuti ngati mafuta ochepa amathandiza, ambiri ayenera kuthandiza msanga, ndipo mpaka lero sindinapeze munthu wondiuza pamene maganizo amenewa akulakwika pamasamu.

Kukagwira kunali nkhondo. Kanyama kameneka kamatha kudumpha pafupifupi mamita awiri, ndipo kanaonetsa luso lonselo m'chipinda chimodzi. Nditakatsakamiza pakona n'kukagwira kumsana, kanandisiyira ubweya wodzadza dzanja n'kupitirira ulendo wake, pakuti ndi mmene chinchilla amapulumukira kwa adani: amathothola yekha ubweya pamalo pamene wagwidwa. Ndinatsala nditanyamula chidutswa cha chiweto changa, chotsalacho chikundiyang'ana chili pamwamba pa kabati.

Kenaka kanatsika. Kanaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kanapinda timanja take pachifuwa, ndevu zikunjenjemera, maso ali phee pa ine ngati munthu amene wadziwa kulakwa kwake ndipo akufuna kupepesa. Mtima wanga unasungunuka. Ndinagwada, ndinayandikiza nkhope, ndipo ndinayamba kukalankhula ndi mawu ofatsa amene sindinawagwiritsepo ntchito ngakhale kwa ana anga. Tinayang'anizana choncho kwa nthawi yaitali, ine ndi mafuta kudzanja limodzi ndi ubweya kudzanja linalo, iko kali njoo. Ndinaganiza kuti ubale wathu wafika pachimake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chinchilla wamkazi akaimirira motero amakhala akulunjika, ndipo mkodzo wake sumaphonya. Unandipeza pagalasi la kumanzere la magalasi anga a maso, wotsalawo unatsikira pachibwano.

Ngakhale zinali choncho, ntchito ndinaigwira, ndipo pamenepa ndikupempha kuti ondiseka akumbukire kulimba mtima kwanga. Ndinakakulunga m'thaulo, n'kupaka mapazi onse anayi mpaka anayamba kunyezimira. Vuto linali lakuti manja anganso anali ataterera, motero kanapulumuka ngati sopo n'kulunjika m'khola, momwe ndinali nditasiya mbale ya fumbi lake losambira. Kanagubuduzika katatu mosangalala, ndipo kanatuluka katavala nsapato zinayi zamatope. Ndi nsapato zimenezo kanathamanga pampando, pamalaya anga oyera, kenaka pakhoma. Akazi anga atatsegula chitseko anayang'ana khomalo, anayang'ana ine, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: "Bambo, kodi wodwala ndi ndani muno?"

Ndinafuna kukatsuka ndi madzi, koma ndinakumbukira kuti ubweya wotere suuma msanga ndipo ukakhala wonyowa umabweretsa matenda a pakhungu. Choncho ndinachezera kukapukuta ndi kansalu, kachala kamodzikamodzi, pa nthawi imene iko kamakhala ndi mphamvu zonse, poti ndi kanyama ka usiku.

M'mawa mwake dokotala wa ziweto anayang'ana mapaziwo n'kunena kuti bumblefoot inali isanayambe, komanso kuti khungu lokhuthala pang'ono kunsi kwa phazi n'lachibadwa. Ndiye anafunsa kuti, "Bambo, fumbi mumakapatsa kangati?" Ndinayankha monyadira kuti, "Tsiku lililonse, adokotala, ndipo mbaleyo sindiichotsa m'khola." Anakhala chete pang'ono. Anandifotokozera kuti fumbi limenelo ntchito yake n'kuyamwa mafuta ndi chinyontho, motero likachuluka limaumitsanso mapazi, ndipo kawiri kapena katatu pamlungu kwa mphindi 10 mpaka 15 n'kokwanira. Anati mafuta oyenera ndi opanda fungo, ochepa ngati mutu wa machesi, opakidwa mpaka alowe chifukwa kanyamako kamanyambita, ndipo fumbi lidikire kaye. Anandiuza kuti ndiyale nsalu yofewa pawaya, ndiike matabwa osalala oti kazipumirapo, ndizisintha zoyala zikanyowa, ndipo ndibwerere msanga ndikaona kutupa, chilonda kapena magazi. Mwachidule, mapaziwo ndinawaumitsa ndine chifukwa cha chikondi, ngakhale kuti adokotala sanatchule mawu akuti chikondi.

Mapaziwo anachira, ndipo dazi la kumsana linameranso ubweya patapita milungu ingapo. Tizidindo ta pakhoma tidakalipo, chifukwa mafuta amene analowa mupenti akukana kuchoka, ndipo tina tili pamwamba kuposa mutu wanga. Masiku ano ndikatsegula botolo kanyamako kamaimirirabe ndi miyendo yakumbuyo, koma ine ndimaima chammbali.