Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: kamphira ka O-ring ndi tsitsi limodzi

Paja tinalekezera pamene ndinachoka ku Mabvuku kukakhala kwa amalume ku Highfield mu Harare eti? Chabwino tiyeni nazo.

Chinali chaka cha 2009, kolera uja anayamba mu 2008 atapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno la Zimbabwe, madzi a m'mipope anthu atasiya kuwakhulupirira komanso masiku ambiri sankatuluka n'komwe. Aliyense wokhala ndi kangachepe ankakumbitsa mjigo pakhomo, ndiye poti madola aku America anali atangoyamba kuyenda, ntchito ya mapampu inali yotentha. Amalume anali ndi kawekishopu ku Graniteside. Iwowa kwawo kwenikweni ndi ku Dedza koma anatha zaka zambiri ku nyanja ya Kariba akukonza nyale zimene asodzi a kapenta amamiza m'madzi usiku kuti tinsombato tisonkhane, moti chilichonse cha magetsi chokhala pansi pa madzi anthu ankabwera nacho kwa iwo, mapampu, nyale za m'maswiming'i pulu, zonsezo.

Tsiku lina bwana wina wa mabwato anabweretsa nyale zisanu ndi imodzi kuti tisinthe ma O-ring, timphira tozungulira ngati mphete totchinga madzi ta m'makonekita, paja pamene waya amalumikizana ndi nyale. Amalume anali ndi maliro ku Mbare, anangoti "Mphwanga, uzitsegule uzipukute, zinazo undidikire." Koma ine mtima wofuna kuoneka ngati ndadziwa ntchito, chonsecho nditangogwira nawo miyezi itatu yokha! Ndinatenga sikuludilaiva n'kuzula timphira takale, ndinafufuza m'kabokosi n'kupeza tina tooneka ngati tofanana, girisi wa silikoni ndinapeza atatha ndiye ndinathamangira pa takishopu kukagula Vaseline n'kupaka wambiri ndithu, mumtimamu ndikuti akachuluka ndiye madzi adutsira pati. Ndinamanga zonse n'kukhala pa chitini kumadikira kuyamikiridwa.

Atabwera sanakalipe. Anamasula konekita iliyonse pang'ono, kuikamo kachidutswa ka tishu, kumanganso, kenako kumiza zonse mu dilamu ya madzi. "Tionana mawa."

Kutacha titatsegula, ziwiri tishu anali chinyowereni. Anandiitana pawindo pomwe pamalowa dzuwa, anatenga kamphira koyamba n'kumakayendetsa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga, basi anaima. Tsitsi limodzi, langa lomwe, litagona mopingasa pa kamphira, litamatirira mu Vaseline uja. Ati madzi safuna chitseko, kanjira ka tsitsi kawakwanira. Pa inayo anandionetsa kamzera kowala mu kangalande momwe mumakhala kamphira, pomwe sikuludilaiva yanga inakanda. Imeneyo ndiye inali itatheratu, olo uike O-ring watsopano bwanji madzi azingotsata kamzerako.

Ndiye anandikhazika pansi. Girisi satseka madzi ayi, ntchito yake ndi yoti kamphira kazitsetsereka kasapindike kapena kupanidwa pomanga, umangopaka pang'ono kuti kanyezimire basi, ukachulutsa amangotola mchenga ndi zinyalala. Za Vaseline anati mphira wina ngati EPDM amafufuma akakhudzana ndi mafuta ochokera ku petulo, wa nitrile amapirira, "koma iwe unadziwa bwanji kuti uwu ndi uti, poti tonse n'takuda?" Ndinangoti kukamwa yasa. Kukula kwake sumayeza ndi maso, umatenga kachipangizo koyezera kotchedwa veniya n'kuyeza m'kati mwa bwalolo ndi kunenepa kwa mphirawo, ndipo kakale ukaona kaphwatalala mbali imodzi kapena kali ndi timing'alu ukakakoka pang'ono, taya, usamve chisoni. Tatsopano ankatisunga m'timapepala ta pulasitiki mu dilowa, ati dzuwa limakalambitsa mphira.

Chimene chinandiopsa ndi masamu ake. Mamita 10 aliwonse ukamatsika, madzi amawonjezera mphamvu yopanikiza ya bar imodzi, pafupifupi yofanana ndi ya mpweya wotizungulirawu. Dilamu yathu sinkafika ndi mita imodzi yomwe koma madzi analowa, nanga kunyanja usiku jenereta ikulira anthu atagwira mawaya ndi manja onyowa zikanatha bwanji? Amalume anawonjeza nkhani ya Challenger, chombo cha ku America chija chinaphulika pa 28 January 1986 n'kupha anthu asanu ndi awiri, chifukwa O-ring anauma ndi kuzizira n'kulephera kutseka. Nkhani imeneyi ankaikonda heve, ndinaimva mwina kakhumi, makamaka mu June kukamazizira muno mu Harare.

Konekita yokandika ija anagula ina, ndalama yake anadula pa malipiro anga miyezi iwiri, ndipo ndisaname zinandiwawa chifukwa nthawi imeneyo ndinkasungira ya foni. Anti ndi amene ankandipatsa ya kombi mobisa. Nyale zonse tinazibwereza limodzi, ine kutsuka kangalande ndi kansalu kosathothoka ulusi, iwo ataima kumbuyo kwanga osayankhula. Pochotsa kamphira anandiphunzitsa kukafinya m'mbali ndi zala ziwiri kuti katukuke, kenako kukakola ndi kapulasitiki kamene anadula pa khadi yakale ya ku banki. Kakhadi kameneko ndidakali nako m'chikwama mpaka lero, kanachita kuda ndi girisi.

Sabata yotsatira bwana uja anati akufuna munthu woti akamangirire nyalezo pa bwato, amalume msana unali utavuta, ndiye anayang'ana ine. Za ulendo wa ku Kariba, ndi mmene ndinasanzira usiku wonse pa nyanja, tikambirana gawo likubwerali.