Seti yoyamba inatinamiza

Loweruka, Johannesburg.

Mtsikana wa zaka 16 amene timamuphunzitsa tenisi wagonja m'mawa uno 6-4, 6-1 kwa mnzake amene ali pamwamba pa onse mu mpikisano wa achinyamata. Abale a kumudzi amene anabwera kudzamuchemerera kuchokera ku Rosettenville ndi ku Turffontein atuluka akunena kuti seti yoyamba inangotsala pang'ono, yachiwiri ndiye mwana anatopa. Ife amene tinali ndi kope pambali pa bwalo tikuti ayi. Sanatope, ndipo seti yoyambayo sinali pafupi monga manambala akuonetsera.

Chimene chinanamiza anthu ndi mpweya wa kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Mpira suchedwa m'malere, umapitirira, ndipo ukagunda pansi umanjanja kwambiri. N'chifukwa chake bungwe loyang'anira tenisi padziko lonse limalola mipira yapadera pa malo okwera kupitirira mamita 1,219. Ngakhale ndi mipira imeneyo, serve (kumenya koyambitsa pointi) yoyamba yamphamvu imapatsa munthu mapointi aulere kuno. Magemu anayi amene mtsikana wathu anapeza mu seti yoyamba anachokera pamenepo: serve ikalowa, mpira subwerera bwino, pointi yatha asanamenyane n'komwe katatu.

Koma mnzakeyo sanali kugona. Magemu oyambirira amangobweza mpira pakati, mozama, osafuna zambiri, uku akuwerenga. Anaona zinthu ziwiri. Serve yachiwiri ya mtsikana wathu, imene amamenya yoyamba ikalephereka, imapita ku backhand (mbali yomenyera ndi kuseri kwa dzanja) nthawi zonse, ndipo akafuna kumenya yotuluka kunja amaponya mpira m'mwamba chakumanja kwambiri, moti aliyense wamaso amadziwiratu. Pa 4-4 mnzakeyo anasiya kuima kumbuyo, analowa m'kati mwa baseline (mzere wakumapeto kwa bwalo) n'kuyamba kumenya serve yachiwiri ija ikungonyamuka pansi. Wathu ataona munthu waima pafupi chonchi anafuna kuwonjezera liwiro, mpira unapitirira, double fault (kulakwitsa serve kawiri motsatizana) pa break point, pointi yopatsa wolandira gemu. Zimene zinachitika mu seti yachiwiri zinali zomwezo, kungoti tsopano zinayamba kuyambira gemu yoyamba.

Vuto lalikulu linali kufupika kwa mipira yake. Bwalo ndi lotalika mamita 23.77, ndipo mzere wa serve uli mamita 6.40 kuchokera pa neti, kusiya mamita pafupifupi 5.5 pakati pa mzerewo ndi baseline. Mipira ya mtsikana wathu imagwera pafupi ndi mzere wa serve, pomwe ya mnzake imagwera m'mamita awiri omaliza. Mpira wogwera pafupi umaitana mdani kuti alowe m'bwalo, ndipo akalowa amakulanda nthawi. Ana a msinkhu wake sachita nawo kanthu mpira wotere. Wosewera wapamwamba saukhululukira.

Nanga ufupikiranji? Mantha. Mwana wokulira kuno amadziwa kuti mpira umauluka, ndiye pointi ikakhala yofunika amachepetsa liwiro la mkono. Mkono ukachedwa, topspin (kuzungulira kwa mpira chakutsogolo kumene kumaugwetsera m'bwalo) imachepa, ndipo mpira wopanda topspin umagwera pafupi kapena kupitirira kunja, zonse ziwiri zimene amaziopa zija. Mankhwala ake si kumenya mofatsa. Mkono uthamange monga mwa masiku onse, raketi ichokere pansi pa mpira kukwera m'mwamba, ndipo akapanikizika asankhe cross-court, kumenya mopingasa bwalo. Kuchoka pa ngodya kufika pa ngodya ina ndi mamita opitirira pang'ono 25, ndipo neti pakati ndi yotsika, mamita 0.914, pomwe pa mitengo yake ndi 1.07. Lero wataya mapointi ambiri pofuna kumenya motsata mzere ali pa liwiro, pamene neti ndi yokwera ndipo bwalo ndi lalifupi.

Masewero atatha bambo ake anabwera pamene tinakhala. "A kochi, kodi si mphamvu zamuchepera mwanayu? Mwina timulembetse ku jimu."

Mmodzi wa ife anawayankha kuti, "Bambo, mphamvu ali nazo, mwaona nokha serve ija. Chimene akusowa ndi kukumana ndi anthu omuposa kawirikawiri, ndi munthu womulembera zimene zamugwetsa."

Bambowo anapukusa mutu n'kunena kuti ndalama yolembetsera mpikisano si yochepa kuti mwana azikangogonja tsiku loyamba. Akunena zoona, ndipo sitikuti azilowa mipikisano yokhayokha imene sangapambanemo. Mwana wogonja sabata ndi sabata amaiwala mmene amatsekera masewero akakhala patsogolo. Pafunike kusakaniza: ina yoti apambane, ina yoti amuonetse pamene pakudontha.

Tinawakumbutsa za Kevin Anderson, amene anabadwira mu Johannesburg momwe muno mu 1986. Mu 2008 ku Miami, ali wosadziwika, anagonjetsa Novak Djokovic, mmodzi wa akatswiri apamwamba padziko. Wina akanati wafika basi. Koma anadikira mpaka 2015 kuti afike koyamba mu ndime ya anthu asanu ndi atatu pa mpikisano wa Grand Slam, umodzi wa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi, atachotsa Andy Murray pa US Open. Chaka chomwecho ku Wimbledon anatsogola Djokovic ndi maseti awiri, n'kugonja atatu otsatira. Mu 2018 pa Wimbledon pomwepo ndi iye amene anatsalira maseti awiri kwa Roger Federer, anapulumutsa match point (pointi imene akanagonja nayo masewero onse), n'kupambana 13-11 mu seti yachisanu. Kugwetsa wamkulu tsiku limodzi, serve ikamalowa, kumatheka kwa ambiri. Kukhala naye limodzi maola anayi osasintha kamenyedwe pointi ikavuta kunamutengera Anderson zaka khumi.

Ena zimawayendera msanga. Carlos Alcaraz anagonja 6-1, 6-2 kwa Rafael Nadal ku Madrid mu 2021, pa tsiku limene amakwanitsa zaka 18, ndipo chaka chotsatira pa mpikisano womwewo anagonjetsa Nadal ndi Djokovic motsatizana. Koma amene timakonda kuwauza ana ndi Jannik Sinner, chifukwa kusintha kwake kunaoneka ndi maso. Anagonja kwa Daniil Medvedev maulendo asanu ndi limodzi otsatizana. Medvedev amaima kutali kumbuyo polandira serve, ndiye ku Beijing mu 2023 Sinner anayamba kubwera pa neti pafupipafupi, n'kupambana. Sanangowonjezera mphamvu, anasintha malo oimapo ndi mpira wosankha.

Masana kunagwa mvula yamabingu monga imachitira nyengo ino, ma doubles (masewero a awiriawiri) anaimitsidwa, ndipo tinapeza mpata wokhala pansi ndi mtsikanayo. Tinamufunsa kuti anazindikira liti kuti mnzake walowa m'kati mwa baseline. Anati pa 3-0 mu seti yachiwiri. Ndiye kuti magemu asanu anadutsa asanakweze maso. Pakati pa pointi ndi pointi pali masekondi 25, posinthana mbali pali masekondi 90, ndipo iye amawathera kuyang'ana pansi n'kudzikalipira. Tamupatsa mafunso awiri okha oti azidzifunsa akakhala pa mpando: mnzanga waima pati polandira, ndipo mapointi atatu omaliza ndawataya ndi mpira uti?

Madzulo takunganso zingwe za maraketi ake onse awiri, kuwonjezera kulimba kwake ndi kilogalamu imodzi, kuchoka pa 23 kufika pa 24, kuti mpira usamauluke ndipo asiye kuopa kumenya. Kupitirira apo ayi, mkono wa mwana wa zaka 16 ungayambe kupweteka pa chigongono. Tawachenjezanso makolo kuti akadzapita ku Durban kapena ku Cape Town zingwezo zidzatsitsidwenso, chifukwa kunyanja mpira umachedwa, serve yaulere ija kulibe, ndipo pointi iliyonse imafuna kumenyana kambirimbiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wosewera wozolowera mpweya wa Gauteng wokha amakadabwa akatsika.

Lolemba tiyamba ndi chingwe choyala mamita awiri kuchokera pa baseline, mphindi 20 za cross-court, mpira wosadutsa chingwe osawerengedwa. Kenako serve yachiwiri yokha, malo atatu, ku forehand, pathupi ndi ku backhand, koma kaponyedwe ka mpira kakhale kamodzi, ndipo wolandira azitchula kumene ikupita raketi isanagunde. Akatchula molondola, pointi ndi yake. Pomaliza asewera seti ndi mnyamata wa zaka 18, gemu iliyonse ikuyambira pa 30-40, kutanthauza pa break point, ndi serve imodzi yokha.