Wotchi ya kuwala ndi masamu a Pythagoras

M'kope langa la physics, lomwe ndimalembamo madzulo ndikaweruka kuntchito kuno ku Chilomoni, ndafika pa gawo lomwe ndinkalilakalaka kwambiri, lodzitsimikizira ndekha ndi pensulo chifukwa chimene wotchi yothamanga kwambiri imatsalira m'mbuyo.

Maziko ake ndi mfundo imene Albert Einstein adaikhazikitsa m'chaka cha 1905, yoti liwiro la kuwala m'malo opanda kanthu, lomwe ndi mamita 299,792,458 pa sekondi, limakhala limodzimodzi kwa aliyense woliyeza, kaya waima kaya akuyenda. Basi ziwiri zikamadutsana pamsewu wa ku Zalewa, ina ikupita ina ikubwera, wokwera amaona inzake ikudutsa ndi liwiro la basi zonse ziwiri pamodzi, koma kuwala sikutsata lamulo limenelo.

Ndidajambula magalasi awiri oyang'anizana, lina pansi lina pamwamba, kuwala kukuyenda pakati pawo, ndipo ulendo uliwonse ndidauwerenga ngati kugunda kumodzi kwa wotchi. Kwa munthu woyenda nayo wotchiyo, kuwala kumangokwera molunjika. Kwa munthu woima pambali, wotchi ikamadutsa, kuwalako kumakwera mopendekeka, njira yake imatalika, ndipo popeza liwiro silisintha, nthawi ya kugunda kumodzi ndiyo imatalika. Nditasankha kuti wotchi iziyenda magawo atatu mwa asanu a liwiro la kuwala, papepala padatuluka makona atatu a mbali 3, 4 ndi 5 amene tidaphunzira kusekondale pa masamu a Pythagoras: woima akawerenga masekondi 5, wotchi yoyendayo imakhala itawerenga 4 okha. Ndikuona kuti mabuku ena amathamangira kupereka fomula chojambulachi asanachisonyeze, pamene nkhani yonse yagona pomwepa.

Chimene chandigwira mtima koposa ndi chimene katswiri wa masamu Hermann Minkowski adalongosola ku Cologne, m'dziko la Germany, mu 1908. Woima uja ndi woyenda ndi wotchi uja amasiyana pa mtunda (woyezedwa ndi masekondi amene kuwala kungatenge kuuyenda) ndi pa nthawi, koma aliyense akachulukitsa nambala zake ndi izo zomwe, nachotsa ya mtunda pa ya nthawi, amapeza yankho limodzi: kwa woima (nthawi 5, mtunda 3), 25 kuchotsa 9 ndi 16, ndipo kwa woyenda ndi wotchi (nthawi 4, mtunda 0), 16 kuchotsa 0 ndi 16. Nchifukwa chake malo ndi nthawi zimayezedwa pamodzi ngati chinthu chimodzi.

Ndagula kale mapepala a graph ku Limbe kuti ndiyambe kujambula zithunzi za Minkowski, momwe njira ya kuwala imapendekeka madigiri 45.