Manda a agogo ali pa pulazi iti? Yambani ndi mapu akale

Pa maliro a ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland, kaya ndi ku Mufakose kaya ku Epworth kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, usiku anthu akamawotha moto pali nkhani imodzi siilephera kutuluka: agogo aja anaikidwa pa pulazi inayake cha ku Norton kapena ku Mazowe, koma lero palibe amene angaloze malo ake enieni. Wina amati panali pafupi ndi damu, wina amati ayi kunali kuseri kwa mabani a fodya, kenako mnyamata wina amatulutsa foni nkutsegula Google Maps, aliyense nkuunjikana pamenepo. Aa, palibe chimatuluka. Foni imakuonetsani dziko la lero, pomwe mapulazi ambiri anagawidwa kuyambira 2000, makomboni ena anagwa, minda inasintha malire, ndipo dzina la pulazi limene amalume akukumbukira mwina silikupezekanso paliponse.

Chimene ambiri sitidziwa nchakuti boma linkajambula dziko lonseli mwadongosolo, ndipo mapepalawo alipo. Malo awiri oyambira ndi ofesi ya Surveyor General mtauni muno, komwe mapu amapangidwa ndi kugulitsidwa, ndi National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road ku Gun Hill, yomwe inayamba 1935. Archives imeneyi kwa zaka zina inkasunganso zolemba za Nyasaland ndi Northern Rhodesia, nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 zonse zinali pansi pa bungwe limodzi, nde musaone ngati ndi malo a eni dziko okha, za ife zilimo.

Mapu amene mukufuna ndi a sikelo ya 1:50 000, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Pepala lililonse lili ndi nambala yake ndipo nambalayo si yongopeka, imachokera ku madigiri. Pakati pa Harare pali pa 1731 C3, koma mukangopita kumadzulo pang'ono ku Dzivarasekwa ndi Mufakose mwalowa kale pa 1730 D4 chifukwa mzere wa digiri 31 umadula mzinda uno. Ndiye ngati pulazi yanu inali m'mphepete mwa pepala mufunika mapepala awiri, pena anayi ikakhala pakona.

Musanapite konzekerani mayina akale, apo ayi muzungulira mutu. Salisbury inasanduka Harare mu 1982, Hartley ndi Chegutu, Gatooma ndi Kadoma, Sinoia ndi Chinhoyi, Marandellas ndi Marondera. Mitsinjenso chimodzimodzi, Hunyani ndiye Manyame, Makabusi ndiye Mukuvisi, ndipo Lake McIlwaine yomwe inamangidwa 1952 ndi imene pano timati Chivero. Apa akuluakulu athu amatiposa, iwo mpaka lero amanenabe Hatile ndi Gatuma, nde mutengeni mmodzi mupite naye, musamusiye kunyumba mukuti atopa.

Koma mapu ali ndi khalidwe lake limene ine limandinyansa. Wojambula amasankha choika ndi chosiya. Dzina la pulazi lilipo, malire ake ajambulidwa bwinobwino, nyumba ya bwana ilipo, damu, dibi la ng'ombe, msewu, njanji, mizere yofiirira yokhotakhota yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo (mapu akalekale amawerenga m'mafiti, atsopano m'mamita). Koma komboni, kumene kunkakhala mabanja ambirimbiri a anthu ochokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Tete, anthu amene ankathyola fodya yenseyo, mupeza timadontho tingapo kapena liwu limodzi lokha la Chingerezi. Manda awo nthawi zambiri mulibe nkomwe. Anthu anayenda pansi masabata, ena anakwera malole a Ulere onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, nkugwira ntchito moyo wonse pamalo amodzi, koma papepala dibi la ng'ombe likuoneka bwino kuposa iwo.

Apa mpamene zithunzi za pandege zimapambana. Mapu amenewa ankapangidwa kuchokera ku zithunzi, ndege inkauluka mizere yowongoka uku kamera yoloza pansi ikujambula motsatizana, ndipo kamera siisankha, chilichonse chinali pansi tsiku limenelo chinalowa. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, masentimita 23 mbali zonse, ndipo m'mphepete mumakhala nambala ya mzere umene ndege inadutsa, nambala ya chithunzi, kawirikawiri ndi deti lomwe. Simungangofika nkunena kuti ndipatseni chithunzi cha pulazi yakuti, ayi, mumayamba mwapeza malowo pa mapu, kenako mumaona pa index yosonyeza mizere ya ndege, mupeze manambala, ndiye mupemphe. Ndipo mupemphe ziwiri zotsatana osati chimodzi. Chithunzi chilichonse chimabwereza pafupifupi 60 peresenti ya chinzake, mwadala, kuti mukaziika pansi pa kachipangizo ka magalasi awiri kotchedwa stereoscope malowo adzuke, phiri lioneke kuti ndi phiri, mtengo uime.

Ndinapita ndi amalume anga amene anakulira pa pulazi ina cha ku Norton. Pa mapu sanaonepo kanthu, anangoti mizeremizere iyi ine ndiiwerenga bwanji mphwanga. Koma ataika maso pa stereoscope anakhala chete kaye uku akusuntha chithunzi pang'onopang'ono monga anawauzira, mpaka ziwirizo zinagwirizana, basi anayamba kuloza ndi chala osachotsa maso: awa ndi mabani, anali mumzere chonchi, apa mpamene tinkatunga madzi, iyi njira yopita kusitolo. Komboni inkaoneka ngati nthanga za mawere zomwazika pambali pa munda, tinyumba tozungulira, mabwalo oyera chifukwa chosesedwa tsiku ndi tsiku. Zithunzi zotere ankakonda kujambula nyengo yopanda mvula kumwamba kulibe mitambo, nde minda imakhala yokolola kale ndipo tinjira ta mapazi timawala mbee.

Tinjira timeneti nditimene muyenera kutsatira. Ife Achewa sitidula mitengo ya kumanda, ngakhale kuno kuchilendo mwambowo anthu anausunga, ndipo kumene kunali gule dambwe silinkakhala patali. Choncho mukaona kankhalango kakuda kali kokhakokha pakati pa minda yolimidwa, ndipo kanjira kakuchokera kukomboni nkukathera pomwepo osapitirira, pamenepo payenera kufufuzidwa. Sindikuti ndi manda basi, chifukwa alimi ankasiyanso mitengo pa timapiri ta miyala ndi pa zulu zikuluzikulu pomwe pulawo singadutse. Stereoscope imathandiza kusiyanitsa, kaphiri kamatukuka pomwe manda ambiri amakhala pamalo athyathyathya. Amalume anapeza malo awiri otere, amodzi anawakana okha kuti apo panali miyala tinkasakapo mbira.

Mukapeza malowo, bwererani ku mapu muone zinthu zimene sizisuntha, pokumana mitsinje, mlatho wa njanji, chipilala cha masaveya pamwamba pa phiri, khoma la damu. Muyeze mtunda ndi lula kuchokera pamenepo, ndiye tsopano mutsegule foni ija mufananize. Musadalire mpanda kapena msewu wa mupulazi, zimenezo zinasintha kambirimbiri. Komanso zithunzi zinajambulidwa zaka zosiyanasiyana, ngati zilipo za zaka zingapo zioneni zonse, chifukwa komboni inkatha kusamutsidwa bwana akafuna malowo kuti alimepo.

Tengani chitupa, pensulo ndi kabuku, malo osunga zakale ambiri safuna bolopeni pafupi ndi mapepala awo, ndipo mufunse kaye musanajambule ndi foni. Mukafuna kupita pamalopo, kumbukirani kuti pano pali eni ake atsopano, muyambe mwaonana nawo ndi akuluakulu a deralo, osangotulukira ndi khasu ndi maluwa.

Amene mukufuna mbali ya kumudzi, nkhani yake ndi ina pang'ono. Nyasaland inajambulidwa ndi bungwe la ku Britain la Directorate of Colonial Surveys lomwe linayamba 1946, kenako linasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys mu 1957. Zithunzi zake zambiri pano zili ku Edinburgh ku National Collection of Aerial Photography, pomwe ku Malawi komweko mungayambire ku Department of Surveys kapena ku National Archives ku Zomba. Kumeneko dzina la mfumu ndi la mtsinje ndi zimene zingakuthandizeni, chifukwa midzi yambiri pa mapu inalembedwa ndi dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo, nde funsani azakhali akuuzeni mfumu inalipo agogo akunyamuka, osati imene ilipo lero.